Khoma Louma la a Nyundo

Mphepo ikatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchokera kunyanja, aliyense m'tauni muno amadziwa chochita. Asodzi amakokera maboti kumtunda. Amayi amaanula zovala zikadali zonyowa, podziwa kuti pachingwe siziumanso. Zitseko zimatupa, moti munthu polowa m'nyumba yake yomwe amachita kukankha ndi phewa ngati wakuba. Zikatero ndiye kuti kwatsala masabata awiri kuti mvula igwe, ndipo ku Nyumba ya Luso nyengo imeneyi inali ya a Nyundo.

A Nyundo sananenepo m'moyo wawo kuti chithunzi ichi n'chabwino kapena n'choipa. Ankasiyira denga kuti linene.

Nyumbayo kale inali mosungiramo maukonde. Inali ndi holo imodzi yaikulu, kachipinda ka osema kumbuyo, ndi khonde limene akwaya ankaphunzirirapo nyimbo Lachinayi. M'holomo munali makoma anayi monga m'nyumba ina iliyonse, koma owerengedwa anali awiri. Khoma la kumtunda, pafupi ndi chitseko, linali louma chaka chonse, loti mukanatha kusungapo machesi. Khoma la kunyanja linkadontha. Madzi ankalowera pakona, n'kutsetsereka ndi mtanda wa denga, n'kutsika pakhomapo mosafulumira, ngati mlendo wodziwa njira.

Chaka chilichonse, mvula ili pafupi, nyumbayo inkachita chionetsero, chifukwa ndi nyengo imene asodzi sapita panyanja ndipo anthu amasowa kolowera. Aliyense wogwira bulashi m'tauni ankabweretsa ntchito yake, koma wopachika anali mmodzi. A Nyundo sanali wojambula. Anali kalipentala wa maboti mpaka msana unawakana, ndipo komiti inawatenga kuti azitsegula, azitseka ndi kukhoma misomali. Palibe anawapatsa udindo woweruza. Koma anthu sanachedwe kuona kuti chithunzi chimene a Nyundo achiyang'ana nthawi yaitali chimapita ku khoma louma, ndipo chimene achiyang'ana n'kukhosomola chimapita kunsi kwa madzi. Zapakatikati zinkakhala m'makoma a m'mbali, kuyandikira uku kapena uko malinga ndi kukula kwa mlandu.

Mukawafunsa chifukwa, ankayamba achotsa misomali pakamwa, pakuti nthawi zonse ankaluma itatu kapena inayi, n'kuyankha kuti, "Msomali unali pamenepo."

"Koma mwaukhoma ndinu pompano, ife tikuona."

"Ndiye ulipo."

Amene ankamva kuwawa kwa dongosolo limeneli kuposa onse anali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, telala wa pafupi ndi doko. Anthu ankamutcha Nabuluu chifukwa penti wa buluu akafika m'sitolo ankathera kwa iye. Masana ankasoka mayunifomu a ana asukulu ndi kubweza mathalauza a anthu onenepa, ndipo dzuwa likapendeka ankavundikira makina n'kutulutsa mabulashi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zithunzi zake zinapachikidwa ku khoma la kunyanja. Sankafuna kutchuka, sankafunanso kugulitsa. Ankafuna chinthu chimodzi: kuti kamodzi kokha a Nyundo, ndi manja awo, apachike chithunzi chake pouma.

"Alamu, kodi ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa chaka china, atagwira m'chiuno.

"Inu? Palibe."

"Nanga bwanji chaka ndi chaka ine pamadzi?"

"Mwajambula nyanja. Nyanja siopa madzi."

"Chaka chatha ndinajambula mbuzi."

A Nyundo anachotsa msomali umodzi pakamwa, n'kuuyang'ana bwinobwino.

"Inali mbuzi?"

Nabuluu anakasuma kwa akulu ake. Anawapeza akusita, ndipo sanaleke kusita.

"Iwe ukudandaula zaka zisanu ndi zinayi? Ine ndakhala nawo zaka makumi atatu, sanandiuzepo kuti ndine wokongola."

"Ndiye mumadziwa bwanji?"

"Kumbali kwanga kwa bedi sikudontha."

Komabe Nabuluu sanali wopanda chiyembekezo, chifukwa anali ndi tepi. Chionetsero chikatsegulidwa ankadikira kuti anthu apite kukamwa tiyi, n'kuvula tepi yoyezera m'khosi, n'kuyeza kuchoka pakona yodontha kufika pa msomali wake. Chaka chilichonse msomaliwo unkasunthira kumtunda ndi chikhato chimodzi. Osati ziwiri, osati theka. Anawerengera pakapepala ka miyezo ya kasitomala, n'kupeza kuti zikapitirira chomwecho adzafika pa khoma louma ali ndi zaka zana limodzi ndi makumi anayi. Anawaonetsa a Nyundo kapepalako.

"Muzidya bwino, alamu," anatero iwo. "Muzichepetsa mchere."

Musaganize kuti ankazunza achibale okha. Chaka china akazi a mwini hotela, amene anapatsa nyumbayo mipando makumi anayi, anabweretsa chithunzi cha maluwa ali m'botolo, felemu yake yonyezimira yolemera kuposa chithunzicho. A Tcheyamani a komiti, munthu wosema ziboliboli zokongola koma wamantha, anawakokera a Nyundo pambali.

"Akulu, kumbukirani kuti tikukhalira mipando yawo."

"Ndaiona. Yabwino mipando."

"Ndiye chithunzichi mwina..."

"Mipando ndaiika pouma."

Chithunzicho chinapita pakona penipeni, pamene madzi amayambira. Patatha masabata atatu maluwa aja anamera chuku, choyera ndi chobiriwira, chofewa ngati ubweya wa mwana wa mphaka. Mlendo wina wotsika m'sitima anaima pamenepo theka la ola, n'kunena kuti sanaonepo maluwa amoyo chotero, ndipo anachigula. Mayi aja anabwera kudzathokoza a Nyundo ndi keke. Iwo analandira keke ndi manja awiri.

"Mukathokozenso mvula, mayi. Inu munangoyamba."

Nayenso Wometa, mwamuna wamfupi wa saluni ya pamsika, anali ndi nkhani yake. Iye sankadzitcha wojambula. Anangojambula mitu isanu ndi umodzi pathabwa kuti makasitomala azisankha kametedwe, ndipo tsiku lina analowa nalo thabwalo m'holomo pothawa mvula. Pamene ankapukuta nkhope, a Nyundo anali atalipachika kale pakati penipeni pa khoma louma. Linakhala pamenepo mwezi wathunthu, Wometa akuchita kutuma makasitomala kuti akasankhe kumeneko n'kubwerera. Aphunzitsi ena opuma, amene anaphunzira zojambula kukoleji ndipo ankadziwa mawu aatali, analemba kalata yodandaula yamasamba anayi. A Nyundo anaiwerenga yonse, anakhosomola, n'kuipachika ku khoma la kunyanja.

Nabuluu ataona kuti Wometa ali ndi mwayi, anapangana naye. Anajambula boti lofiira, osaikamo buluu ndi dontho lomwe, osalembapo dzina, n'kumupatsa kuti akapereke ngati lake. Yekha anabisala pakhonde, pakati pa akwaya, akutsegula pakamwa ngati akuimba. A Nyundo anayang'ana botilo, anayang'ana Wometa, n'kunyamuka ulendo wa ku khoma la kunyanja.

"Achimwene, mukapereke moni kwa alamu anga," anatero akukhoma. "Muwauzenso kuti nyimboyo sakuidziwa."

Tsiku limene tauni yonse idakakumbukirabe ndi limene kunabwera alendo a bungwe lina lothandiza anthu aluso. Anabwera atatu, ndi galimoto yoyera ndi makope, kudzafunsa chimene nyumbayo ikusowa. Komiti inakonzekera sabata yathunthu mawu amodzi okha: denga. Mwatsoka alendowo anafika m'mawa kwambiri, a Tcheyamani akadali kosamba, ndipo anapeza a Nyundo akusesa.

"Bambo, tikuona ndowa zambiri muno. Denga lili bwanji?"

"Likugwira ntchito."

"Nanga vuto lanu lalikulu n'chiyani?"

A Nyundo anaganiza mofatsa.

"Misomali imachita dzimbiri."

Patatha miyezi iwiri kunabwera thumba la misomali yosachita dzimbiri, lolemera moti analinyamula anthu awiri, pamodzi ndi kalata yowafunira zabwino zonse. Pamsonkhano wa komiti anthu anakalipa mpaka mawu kusasa. Aphunzitsi opuma ananena kuti munthuyu ndi mdani wa chitukuko. Koma itakwana nthawi yokweza manja kuti a Nyundo achotsedwe, aliyense anapezeka kuti akukanda bondo. Munthu amene wakhala zaka zambiri akuyandikira khoma louma safuna kuti makoma onse aume iye asanafike.

A Nyundo anadwala m'nyengo ya dzuwa, mchenga ukutentha mapazi, nthawi imene nyumbayo sinkawafuna kwenikweni. Anali munthu wosafuna kusokoneza ntchito. Chifuwa chinawagwira moti ankakhosomolera chilichonse: dokotala, kalendala, phala, a Tcheyamani. Anthu obwera kudzawazonda ankatuluka atakhumudwa, ngakhale ankadziwa kuti ndi matenda chabe.

Miyezi imeneyo Nabuluu sanajambule nyanja. Madzulo aliwonse akapita kukaona wodwala ankapeza akulu ake atakhala pampando kunja kwa chitseko cha kuchipinda, nsapato zili m'manja kuti asamudzutse mwamuna wawo poyenda, mutu utapendekera kuchitseko, akumvetsera mpweya. Anajambula zimenezo. Zinamutengera miyezi itatu, ndipo mayunifomu a ana a anthu anachedwa. Buluu yense amene analowa m'chithunzicho anali wa mpango wa kumutu.

Lachiwiri lina masana anachikulunga m'nsalu, n'kupita nacho.

"Alamu, ndabwera ndi katundu."

"Si nyengo yake."

"Ndikudziwa. Ingoonani."

Anachiimika kumiyendo kwa bedi n'kuchotsa nsaluyo. A Nyundo anayang'ana. Nabuluu, mwa chizolowezi cha telala, anayamba kuwerenga mumtima. Anafika makumi awiri, makumi asanu, zana. Chifuwa sichinamveke. Mitsempha ya m'khosi mwa wodwalayo inatupa, maso anadzaza misozi, dzanja linafinya bulangete, koma milomo inali yotseka ngati yaluma misomali.

Kenako analankhula ndi mawu opyapyala.

"Misomali iwiri."

Chiyambire nyumba ija, panalibe chithunzi chinalandirapo misomali iwiri, ngakhale cha felemu yonyezimira chija.

"Chifukwa n'cholemera, kapena chifukwa china?"

"Iwiri."

"Khoma liti, alamu?"

"Mvula ikadali kutali. Tulukani nacho, mukunditchingira mphepo."

Nabuluu anachikulunga n'kutuluka. Chitseko chitangotsekeka anamva chifuwa chikuphulika m'katimo, chachitali, chosaleka, mpaka akulu ake anataya nsapato n'kuthamangirako. Anaima pabwalo, chithunzi chili m'khwapa, akumvetsera mpaka chinatha.

A Nyundo anamwalira Loweruka la sabata yotsatira, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Miyezi inapita, mphepo inatembenuka, zitseko zinatupa, ndipo ojambula anayamba kubwera ndi ntchito zawo monga mwa chaka chilichonse. Ankazitsamiritsa m'munsi mwa makoma n'kuima, manja kumbuyo, osadziwa woyang'ana. Ndowa zinatulutsidwa, koma panalibe wodziwa malo a iliyonse, ndiye anangozindandalika pakati pa holo ngati zikudikira basi. Choipa kwambiri, anthu anayamba kuopa kukhosomola. A Tcheyamani anatsamwa ndi tiyi ataima pafupi ndi chithunzi cha aphunzitsi opuma, ndipo anapepesa masiku atatu. Thumba la misomali lija linali pakona, lisanafike ndi theka lomwe.

Komiti inakhala pansi n'kupereka nyundo kwa Nabuluu. Anati ndi wachibale, komanso ali ndi tepi.

"Tione ngati nyundo imadziwa mwini wake," anatero aphunzitsi opuma, mokweza kuti onse amve.

Nabuluu anayamba Lolemba m'mawa. Ankaganiza kuti avutika, koma anadabwa kuona kuti miyendo ikudziwa yokha kopita. Akanyamula chithunzi, ankachiyang'ana pang'ono, n'kupezeka waima kale pakhoma lake. Thabwa latsopano la Wometa linapita pouma. Mapiri a aphunzitsi opuma anapita m'mbali, kuyandikira kunyanja. Akazi a mwini hotela anabwera ndi maluwa ena n'kupempha okha pakona. Pofika Lachitatu masana zonse zinali m'mwamba kupatula chimodzi, chimene chinali chikadali m'nsalu kuseri kwa mipando.

Akulu ake anabwera ndi tiyi m'fulasiki. Anavundukula nsaluyo pang'ono, n'kudziona ali ndi nsapato m'manja.

"Wandikalambitsa."

"Munali choncho."

"Chionetsero chikatha ndichifuna kuchipinda kwanga. Chibwere chopanda ubweya."

"Ndamva."

"Ndiye uchiika pati?"

Nabuluu anayang'ana makoma. Pa khoma louma panali malo, pakati pa thabwa la Wometa ndi zenera, okwanira ndendende. Anali atayeza kawiri, anthu asakuona. Nyundo inali m'manja mwake, ndipo palibe akanamuletsa. Koma chithunzi chodzipachikira wekha pouma n'chimodzimodzi ndi diresi lodziyamikira wekha pagalasi. Ndipo ku khoma la kunyanja, masabata atatu okha, nkhope ya akulu ake idzamera chuku.

"Anakuuza chiyani tsiku lija?" anafunsa akulu ake.

"Misomali iwiri."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye anakuuza zambiri. Ine pondifunsira anangoti nyumba ili ndi khonde."

Atapita, Nabuluu anavula tepi m'khosi. Anapeza bowo la msomali wake wa chaka chatha ku khoma la kunyanja, anayeza chikhato chimodzi kulowera kumtunda, n'kuika chizindikiro ndi choko chosokera. Anakhoma misomali iwiri, n'kupachika. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Pamwamba pa chithunzicho, mzere wakuda wa madzi a zaka zonse unkatsika molunjika pa mpango wa buluu uja. Kunja kunali kutada, mbalame za kunyanja zitathawira padenga la msika.

Anatuluka, n'kukokera makwerero kuseri kwa nyumba.

"Mayi, mukupita kuti?" anafuula Wometa ali pakhonde. "Kumeneko kunkakwera mwini wake yekha!"

Zinali zoona. Chaka chilichonse, chionetsero chisanatsegulidwe, a Nyundo ankakwera padengapo ndi chikwama cha zida, kunena kuti akukaona vuto. Ankakhalako theka la tsiku. Potsika ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Yavuta," ndipo panalibe anakwerapo kukatsutsa.

"Ingogwirani makwerero, achimwene. Ndipo muyang'ane pansi."

Anamanga siketi pakati pa miyendo n'kukwera, nyundo ili m'lamba, misomali itatu ili pakamwa chifukwa panalibe pena poiika. Malata anali ozizira, amchere m'manja. Anakwawa motsata mzere wa misomali kuti asaboole, mpaka pakona ya kunyanja. Pamenepo anapeza kathabwa kokhomedwa bwino pamtanda, kosalala chifukwa chokhalidwa, ndi kapu yachitsulo yomangidwa ndi waya kuti isauluke. Anakhala pakathabwapo. Doko lonse linkaoneka, maboti atagona chammbali pamchenga, ndi chitseko cha shopu yake, ndi bwalo la akulu ake pamene zovala ziwiri zinali zitaiwalika pachingwe.

Vutolo linali pafupi ndi phazi lake lamanzere. Pamzere wa misomali ya lata lomaliza, umodzi panalibe. Bowo lake linali loti chala chaching'ono sichikanalowa.

"Mwapeza chiyani?" anafuula Wometa. "Yavutadi?"

Dontho loyamba linagwa palata, kenako lina pamkono. Nabuluu anavula patapata, n'kudula kachidutswa ka labala kuchidendene ndi kampeni ka m'thumba. Anakaboola ndi msomali, analowetsa msomaliwo pabowo, n'kuugwira ndi zala ziwiri. Anamenya katatu. Mutu wa msomali unakhala pa labala, labala inakhala palata. Anapititsapo chala chachikulu kuzungulira, n'kuvalanso patapata.